Kupaka vanishi pa matabwa a mabati a tenisi ya patebulo: momwe ntchito yayendera

2 Juni: Kuona matabwa

Pa tebulo pali matabwa 4, onse ovulidwa malabala. Tikati thabwa tikunena mtengo wa bati wopanda labala, chomwe osewera ambiri amangochitchula kuti blade. Loyamba ndi la mapulai 5 (timagawo topyapyala ta mtengo tomatidwa pamodzi), mtengo wa limba kunja ndipo wa ayous pakati, lolemera magalamu 86. Lachiwiri ndi la mapulai 7, nalonso la limba kunja, magalamu 91, lakale ndithu ndipo lasinthidwa labala kambirimbiri. Lachitatu lili ndi koto kunja ndi kagawo kopyapyala ka kaboni pansi pa kotoyo, magalamu 88. Lachinayi ndi hinoki ya pulai imodzi yokhuthala mamilimita 9, la osewera ogwira bati ngati cholembera. Limba, koto ndi ayous ndi mitengo ya kumadzulo kwa Africa, hinoki ndi ya ku Japan.

Vuto ndi limodzi pa onse: labala akamamatulidwa akumachoka ndi nyama ya thabwa. Pa 1 Seputembala 2008, masewera a Olimpiki a ku Beijing atangotha, bungwe la ITTF, loyang'anira tenisi ya patebulo padziko lonse, linaletsa guluu wa mankhwala onunkha womwe ankamatira malabala, ndipo aliyense anasamukira ku guluu wa madzi. Guluu ameneyu amanyowetsa thabwa, ulusi wa mtengo n'kudzuka, iye n'kulowa pakati pake. Akauma amakakamira ngati nkhupakupa, ndiye pomatula ulusi umatsatira labala. Pulai yakunja ndi yopyapyala, pafupifupi theka la milimita basi. Ikanyotsoka kawiri katatu, pamwamba pa thabwa pamakhala maenje, ndipo labala watsopano sagona bwino.

Vanishi ndiye amateteza thabwa ku vutoli, koma malire ake alipo. Malamulo amafuna kuti gawo la 85 pa 100 la kukhuthala kwa thabwa likhale mtengo weniweni, ndipo malangizo a ITTF amalola vanishi wopyapyala zedi, wosapitirira 0.1 mm, wongogwira ulusi kuti usazuke. Kukhuthala kumeneko ndi kwa pepala limodzi la fotokope. Mtengo uzionekabe, ndipo chala chizimva mizere yake. Tikufuna vanishi alowe mu thabwa, asakhale pamwamba pake.

3 Juni: Zogula

Tagula chitini cha theka la lita cha vanishi wa polyurethane wa mafuta, wosawala, ndi botolo la tapentaini wosungunulira. Tapezanso vanishi wa polyurethane wa madzi pang'ono. Zina ndi sandipepa ya nambala 400 ndi 600, tepi ya pepala yomwe opaka penti amaphimbira, guluu woyera wa akalipentala, makilampu 2, sirinji ya 5 ml yoyezera, ndi T-shirt yakale ya thonje yodula tizidutswa. Sikelo ndi yaing'ono ya batire, yowerenga mpaka 0.1 g. Sikelo ya kukhitchini yowerenga galamu yathunthu singaonetse kanthu pa ntchito ino.

Pa ndalama, chitini ndi tapentaini pamodzi sizinafike pa mtengo wa labala mmodzi wabwino. Thabwa limodzi limadya pafupifupi 2 ml, kotero chitinicho chikhoza kukwanira matabwa oposa 100, ndipo chidzauma chisanathe. Amene ali ndi bati limodzi kuli bwino apemphe pang'ono kwa kalipentala m'kabotolo kotseka bwino. Alipo mavanishi opangidwira ntchito yomweyi, monga Free Seal wa Andro ndi Clean Coat wa Tibhar, ogulitsidwa m'timabotolo ting'onoting'ono, koma amafunika kuitanitsa kunja, choncho tagwiritsa ntchito zopezeka ku hadiweya.

Polishi wa pansi, phula ndi mafuta opaka mipando zisayandikire thabwa. Zimatseka mtengo ndithu, koma guluu sadzagwiranso pamenepo, ndipo kuzichotsa n'kovuta chifukwa zimalowa pansi pa ulusi.

4 Juni: Kuchotsa guluu wakale ndi kukonza zonyotsoka

Guluu wa madzi amachoka pomupukusa ndi chala chachikulu, amapindika timipira. Pa thabwa lachiwiri panali tizidutswa touma tokana kuchoka. Tinayesa kupala ndi lezala, ndipo lezala linalowa pansi pa ulusi n'kutukula kachidutswa ka limba kotalika pafupifupi masentimita 2 chapakati pa thabwa. Lezala tinalisiya pompo. Njira yomwe inagwira ndi iyi: kupaka guluu watsopano wa labala wokhuthala pamwamba pa wakaleyo, kudikira aume mpaka aoneke mbee, kenako kumusenda onse pamodzi. Watsopano amakoka wakale, thabwa n'kutsala loyera.

Kachidutswa kotukuka kanali kakadagwira mbali imodzi, ndiye kanabwezereka. Tinalowetsa guluu wa akalipentala pansi pake ndi kamtengo kotokosera mano, kukanikiza, kupukuta wotuluka ndi kansalu konyowa pang'ono, kuika pepala la pulasitiki pamwamba kuti lisamatane ndi china, kenako kupana pakati pa matabwa awiri osalala ndi makilampu. Musamange kilampu mwamphamvu: ayous wa pakati ndi wofewa, amaphwanyika n'kusiya dzenje. Ingogwirani kuti pasasunthe, musiye tsiku lathunthu.

Pa thabwa lomwelo panali maenje 3 akale pomwe ulusi unatayika kalekale. Awiri tinawadzaza ndi utuchi wosalala wosakaniza ndi guluu wa akalipentala. Lachitatu tinadontheza supaguluu pofuna kufulumira, ndipo tinalakwitsa. Supaguluu anauma gwa, analowa m'mbali mwa dzenje n'kusiya banga lakuda lowala, lolimba kuposa mtengo wozungulira. Pokwecha ndi sandipepa, limba yofewa imadyeka msanga pomwe banga likukana, ndiye pamatsala kachulu. Tinachita kukulunga sandipepa pa kansonga ka pensulo kuti tidye banga lokhalo.

6 Juni: Kuyesa pa thabwa lothyoka

Tisanakhudze matabwa enieni tinatenga thabwa la limba lothyoka pakhosi, n'kuligawa zigawo 3 ndi tepi. Chigawo choyamba, vanishi wa mafuta monga watulukira m'chitini. Chachiwiri, vanishi yemweyo wosakaniza ndi tapentaini mofanana, 5 ml kwa 5 ml. Chachitatu, vanishi wa madzi wothira madzi pang'ono, gawo limodzi pa magawo 10.

Wosasungunula anakhala pamwamba ngati uchi. Ngakhale kupukuta, anasiya mizere ya kansalu. Wosakaniza theka ndi theka analowa nthawi yomweyo, thabwa linangosintha mtundu kukhala lachikasu pang'ono, ndipo atauma chala chimamvabe mizere ya mtengo. Wa madzi sanasinthe mtundu, anauma pasanathe maola 2, koma pamwamba panakhala pokhakhala ngati ndevu za dzulo.

Choyesera chophweka ndi dontho la madzi. Lidonthezeni pa thabwa louma, werengani masekondi 30, pukutani. Ngati pasiya banga lakuda, madzi akulowabe ndipo guluu nayenso alowa. Ngati dontho lakhala lozungulira n'kuchoka osasiya kanthu, patsekeka. Zigawo zonse 3 zinadutsa ndi koti imodzi.

7 Juni: Thabwa loyamba, vanishi wa madzi

Taphimba chogwirira ndi tepi, kukanikiza m'mphepete mwake ndi chikhadabo. Takwecha pang'ono ndi 600 motsatira mizere ya mtengo, yomwe pa pulai yakunja imachokera ku chogwirira kupita kunsonga. Maulendo 5 kapena 6 okha, opanda mphamvu. Fumbi tachotsa ndi kansalu kouma.

Vanishi sathiridwa pa thabwa. Amadonthezedwa pa kansalu kopinda, pafupifupi 1 ml pa mbali imodzi, n'kupaka mofulumira kuchokera pakhosi kupita kunsonga. Nthawi yomweyo mutenge kansalu kena kouma mupukute ngati mukufuna kuchotsa zonse. Zomwe zikufunika zalowa kale. Wa madzi samadikira: pa mbali yoyamba tinachedwa pafupifupi mphindi imodzi, anayamba kunata, ndipo kansalu kanasiya ubweya wake pamenepo. Ubweyawo unachoka pokwecha, koma mbali yachiwiri tinapukuta pasanathe masekondi 15 ndipo inatuluka yoyera.

Pakani mbali zonse ziwiri tsiku limodzi. Thabwa lonyowa mbali imodzi limafuna kupindika. Taliimika ndi chogwirira m'kapu kuti mutu wake usakhudze kanthu.

Madzulo ulusi unali utadzuka monga pa thabwa loyesera lija. Izi si vuto. Ulusi wodzukawo wauma ndi vanishi mkati mwake, ndipo 600 imaudula ndi maulendo 3 kapena 4. Sikelo inawerenga 86.4 g. Dontho la madzi silinasiye banga. Thabwa ili latha ndi koti imodzi.

8 Juni: Thabwa lachiwiri, pomwe panalakwika

Chifukwa thabwa ili ndi lakale komanso lokonzedwa, tinaganiza zolipatsa chitetezo chochuluka: vanishi wa mafuta wothira tapentaini pang'ono chabe, wopaka ndi burashi, osapukuta, ndipo koti yachiwiri mawa lake. Limaoneka lokongola, lowala ngati tebulo la pabalaza. Kuwala kumeneko ndiye chizindikiro choti tapitirira muyezo. Chala chimatsetsereka osamva mzere uliwonse. Sikelo inachoka pa 91.0 kufika pa 93.1 g. Poligogoda ndi mfundo ya chala, kulira kwake kunakwera poyerekeza ndi poyamba. Limba amaikonda chifukwa imaugwira mpira pang'ono isanautulutse, ndipo chikhungwa cholimba pamwamba pake chimachotsa khalidwe limenelo.

11 Juni: Chiperoni

Masiku atatu a chifunga ndi mawawa. Koti yachiwiri pa thabwa lachiwiri sinaume: chala chimasiya chidindo ngakhale patapita maola 48. Vanishi wa mafuta amauma pokumana ndi mpweya, ndipo kuzizira ndi chinyezi zimamuchedwetsa, makamaka akakhala wokhuthala, chifukwa pamwamba pamauma mkati mukadali mwauwisi. Pa thabwa loyesera lija tinapakaponso wa madzi pang'ono m'mawa wa chifunga, ndipo anauma motuwa ngati mkaka.

Musaike thabwa padzuwa kapena pafupi ndi mbaula pofuna kufulumizitsa. Mapulai amatidwa ndi guluu, kutentha kumatha kuwalekanitsa kapena kupinda thabwa. Tinangolisamutsira m'chipinda chouma, chodutsa mpweya, n'kudikira. Linasiya kunata pa tsiku lachisanu. Ntchito yopaka tinaimitsa mpaka kunja kutayera.

Tinsalu tonyowa ndi vanishi wa mafuta tisaunjikidwe m'bini. Timatha kutentha tokha n'kuyaka. Tiyanikeni panja tofunyulula mpaka tiume gwa, kenako mutaye.

14 Juni: M'mphepete ndi pakhosi

Malo omwe amamwa kwambiri ndi m'mphepete, pomwe mapulai onse aonekera. Pamenepo ndi pomwe bati limagunda tebulo pobweza mipira yaifupi, ndipo pulai yakunja imayamba kusendeka kuchokera pomwepo. Apa pokha makoti 2 ndi oyenera. Tapaka wosakaniza theka ndi theka ndi kathonje ka kukhutu, kuzungulira mutu wonse, n'kupukuta wosefukira pamwamba nthawi yomweyo. Ayous ndi hinoki zinamwa koti yoyamba yonse osatsala.

Pakhosi, pomwe chala cholozera ndi chachikulu zimagona, thukuta limadetsa mtengo ndi kuufewetsa. Koti imodzi yopyapyala imathandiza. Chogwirira chenicheni tachisiya chosapaka pa matabwa onse. Mtengo wosapaka umamwa thukuta ndipo bati limakhazikika m'dzanja, pomwe chopaka vanishi chimaterera seti yachiwiri isanathe.

Pa thabwa lachitatu tepi sinagwire bwino pakona, vanishi analowa pansi pake, ndipo tapentaini anasungunula utoto wa chogwirira, womwe unasefukira pa koto n'kusiya kamzere kabuluu. Sikachoka konse, koma labala akaphimba theka lake. Chinalakwika ndi kuyamba kupaka ndi kansalu kodzaza pafupi penipeni ndi tepi. Yambani chapakati, kansalu kakachepa vanishi mubwerere kukhosi.

16 Juni: Koto ndi hinoki

Koto ndi yolimbirapo kuposa limba ndipo sinyotsoka kawirikawiri, koma ili ndi timabowo tambiri tomwe guluu amalowamo. Yapakidwa koti imodzi ya theka ndi theka, kudikira masekondi 30, kupukuta mpaka kansalu katuluke kouma. Kulemera kwakwera ndi 0.3 g. Pa thabwa la kaboni pewani sandipepa yaukali: mukaboola koto mwafika pa kaboni, ndipo palibe chobwezera.

Hinoki inafuna kuganiza. Mtengo umenewu ndi wofewa, mizere yake ndi yowongoka, ndipo ikayamba kung'ambika imatsatira mzere mpaka kunsonga. Koma anthu amaigula chifukwa cha kufewa komweko, ndiye ambiri safuna kuipaka chilichonse. Ena amapopera mankhwala oumitsa tsitsi m'malo mwa vanishi. Amathandiza ulendo umodzi, koma guluu wa madzi amawasungunula, ndiye mumayenera kupoperanso nthawi iliyonse yosintha labala. Ife tasankha vanishi wa mafuta wosungunula kwambiri, gawo 1 la vanishi kwa magawo 2 a tapentaini, koti imodzi, mbali zonse ziwiri ngakhale labala amamatidwa mbali imodzi. Sitinakwechepo tisanapake, chifukwa hinoki imadindika ngakhale ndi chikhadabo. Atauma tinangodutsitsa 600 yakutha kale kawiri. Dontho la madzi linasiya kabanga kosaoneka bwino pa masekondi 30, ndipo tavomereza zimenezo. Koti ina ikanatseka kotheratu, koma ikanasintha thabwa.

20 Juni: Kumata malabala

Matabwa a vanishi wa mafuta tawapatsa masiku 3 akupuma atauma. Pa mipikisano ikuluikulu oyang'anira amayeza mabati ndi makina onunkhiza mpweya wa mankhwala, ndipo bati la vanishi wosauma bwino likhoza kukanidwa ngakhale guluu wake ali wololedwa. Kunyumba mukhoza kuyesa motere: ikani thabwa m'jumbo, mangani, tsegulani m'mawa n'kununkhiza. Ngati fungo la tapentaini likadalimo, dikirani.

Guluu wa madzi: makoti 2 opyapyala pa siponji ya kunsi kwa labala, imodzi pa thabwa, zonse ziume mpaka zioneke mbee, kenako kugoneka labala kuchokera pakhosi ndi rola, osamukoka. Pa thabwa loyamba, lachitatu ndi lachinayi guluu anafalikira bwino ndipo labala anagwira.

Pa lachiwiri guluu anakana kufalikira. Anadzikoka m'madonthomadontho ngati mvula pa tsamba la nthochi. Tinakakamiza ndi siponji, anauma, tinamata, tinadula. Titasewera mphindi 20 labala wakuda anayamba kutukuka kunsonga, ndipo pakati panamveka malo ena ogonthera pomwe sanagwire. Pomatula, guluu yense anapita ndi labala, thabwa n'kutsala lowala ngati silinapakidwepo. Guluu wa madzi amafuna pokhakhala poti agwirepo, ndipo ife tinamupatsa galasi.

22 Juni: Kubweza thabwa lachiwiri

Palibe chidule, vanishi wochulukayo ayenera kuchoka. Mankhwala ochotsera penti tawapewa chifukwa amatha kulowa mpaka pa guluu wa mapulai. Takulunga 400 pa kathabwa kosalala kuti tidye mofanana. Kukwecha ndi zala zokha kumakumba timigula. Lembani mizere yopepuka ya pensulo pa mutu wonse, mukwechere mpaka mizereyo ichoke, mulembenso. Mwanjira imeneyo mumaona pomwe mwadutsa ndi pomwe mwasiya.

Yang'anani fumbi. La vanishi ndi loyera ndipo limatseka sandipepa msanga. Likayamba kusanduka lachikasu mwafika pa limba, imani. M'mphepete ndi momwe mumadyeka msanga chifukwa kathabwa kamapendekera kunja, ndipo pa kona ina ya kunsonga tinadya mpaka mtundu wa pulai ya pansi unayamba kuonekera pa malo ngati a njere ya mpunga. Tinasiya pomwepo, ndipo malo amenewo adzabisidwa ndi tepi ya m'mphepete. Ntchitoyi inatenga pafupifupi ola limodzi ndi mapepala 2 a sandipepa. Sikelo inabwerera pa 91.5 g. Dontho la madzi silinalowe, kusonyeza kuti vanishi wolowa mu ulusi akadalimo ndipo palibe chifukwa chopakanso.

Guluu wakale pa labala tinamupukusa mosamala kuti siponji isang'ambike, n'kumatanso. Labala anali atakhwinyata pang'ono atamatulidwa, ndiye m'mbali mwatsala thabwa looneka pafupifupi milimita imodzi. Ndiwo mtengo wa koti yachiwiri ija: masiku 14, guluu wa maulendo awiri ndi labala wosakwananso bwino.

9 Ogasiti: Kumatula

Patatha masabata 7 akusewera katatu pa sabata, tamatula labala mmodzi pa thabwa lililonse kuti tione. Kamatulidwe nako n'kofunika ngakhale thabwa lili ndi vanishi. Musayambe pakhosi kukokera kunsonga, chifukwa pamenepo mukutsatira mizere, ndipo ulusi umodzi ukangogwidwa umazuka ulendo wonse. Tukulani m'mphepete mozungulira kaye, kenako kokani mopingasa kuchokera mbali ina kupita ina, pang'onopang'ono, labala atagona pafupi ndi thabwa, osamuimika.

Loyamba, la vanishi wa madzi: labala wachoka woyera, pa siponji palibe ulusi. Lachitatu: chimodzimodzi, ndipo guluu wotsala wapukusika mosavuta. Lachiwiri: kachidutswa komata kaja kagwira, maenje a utuchi agwira, koma m'mbali mwa banga la supaguluu mwatukuka ulusi ung'onoung'ono 2, womwe tamatanso ndi guluu wa akalipentala. Hinoki yataya tiulusi tochepa tosalala ngati tsitsi chakumanja kwa nsonga, pomwe tinakoka mofulumira. Sipanakumbike, koma malo amenewo tawadonthezera vanishi wa gawo 1 kwa magawo 2 ndi kathonje ka kukhutu, osakhudza kwina.

M'mphepete mwa loyamba ndi lachitatu vanishi wadyeka pomwe bati limagunda tebulo, ndiye tapakaponso koti imodzi pamenepo pokha. Pamwamba pa matabwa 3 osakhala a hinoki dontho la madzi likukhalabe lozungulira, kotero sitipakanso mpaka litayamba kusiya banga. Malabala abwerera pa 12 Ogasiti, m'mphepete mukauma.